Chester Atapita, Kodi Linkin Park Ikanayenera Kupitiriza?

Pa 5 Sepitembala 2024, gulu loimba la ku America lotchedwa Linkin Park linakweranso pa nsanja litakhala duu kwa zaka pafupifupi 7. Pamalo pamene pankaima malemu Chester Bennington panaima mkazi, Emily Armstrong, amene kale ankaimba m'gulu la Dead Sara. Anthu ankhaninkhani anaonera pa intaneti, ndipo tambala asanalire anali atagawanika kale pawiri. Ena anati nyimbo zawo zadzukanso. Ena anati kumeneku n'kuvina pamanda a munthu. Chochititsa chidwi n'chakuti mbali zonse ziwiri zinkapereka umboni umodzi womwewo: ndinakula ndi nyimbo zimenezi.

Ambiri mwa okanganawo si ana ayi. Ndi abambo ndi amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40, anthu olipira lendi ndi fizi, ena imvi zayamba kale kutuluka. Koma piyano yotsegulira nyimbo ya "In the End" ikangolira, amapezeka ali m'kalasi ya Folomu 2, atavala yunifolomu, mtima uli pa munthu amene lero sakudziwa n'komwe kumene akukhala. Choncho ngakhale mkanganowu ukuoneka ngati wa gulu limodzi la ku California, funso lake ndi la aliyense amene anakondapo gulu loimba ali wachinyamata. Woimba amene mawu ake anatilera akamwalira, kodi anzake otsala ali ndi ufulu wopitiriza ndi dzina lomwelo, kapena dzinalo liyenera kutsagana naye?

Mmene gululi linaloweramo

Linkin Park inatulutsa chimbale chake choyamba, Hybrid Theory, mu Okutobala 2000, ndipo mu 2001 panalibe chimbale china chimene chinagulidwa kwambiri ku America kuposa chimenechi. Meteora inatsatira mu 2003. Chinsinsi chawo chinali kusakaniza zamba: magitala olira mwaukali a Brad Delson, rap ya Mike Shinoda, kukanda mbale kwa Joe Hahn, ndi mawu a Chester, amene ankatha kuyamba mofatsa ngati akukunong'oneza, kenako n'kukuwa ngati pakhosi pang'ambika. Nkhani za m'nyimbozo sizinali za galimoto zodula kapena atsikana okongola. Zinali za mwana wotopa ndi zofuna za makolo, za munthu wodzida yekha, za khama lopita pachabe. Chester ananena poyera kuti anagwiriridwa ali mwana ndiponso kuti analimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, motero omvera ankadziwa kuti kukuwako si sewero. Chinanso, zimbale ziwiri zoyambazo zinalibe mawu otukwana, ndiye mwana ankatha kuziliza pabalaza osaopa kulandidwa wailesi.

Kuno kwathu chamba cha rock sichinakhalepo cha aliyense. M'minibasi munkalira reggae, kwaito, rumba ndi nyimbo zauzimu, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inangoyamba mu 1999. Komabe Linkin Park inapeza pobowola. Okonda rap inawapeza mu 2004, pamene gululi linajambula nyimbo limodzi ndi Jay-Z, ndipo okonda mafilimu inawapeza mu 2007 kudzera m'nyimbo ya "What I've Done" imene inali mu filimu ya Transformers. Amene anaphunzira sukulu zogonera konko m'zaka zimenezo akudziwa mmene zinkakhalira. Wina ankabwera kuchokera ku holide ndi kaseti yojambula pa inzake, mawu ake osamveka bwino. Pofuna kusunga mabatire, ankaibweza m'mbuyo poizunguza ndi bolopeni. Mmodzi ankakhala khutu lili pa sipika, akuimitsa ndi kuyambiranso, uku akulemba mawu a nyimbo kumasamba omaliza a kope la masamu. Theka la mawuwo linali lolakwika, koma kopelo linkayenda bedi ndi bedi mpaka hositelo yonse italoweza zolakwika zomwezo. Mu Novembala 2012 gululi linafika ku Cape Town ndi ku Johannesburg, ndipo kumeneko n'kumene linayandikira kwambiri dera lathu lino.

Pa 20 Julayi 2017 Chester anadzipha ali ndi zaka 41. Mu Okutobala chaka chomwecho anzake anachita mwambo womukumbukira ku Hollywood Bowl, kenako kunali zii.

N'chifukwa chiyani zimauma m'mutu chonchi?

Tisanamve mbali ziwirizo, tiyenera kumvetsa chifukwa chimene munthu wamkulu bwinobwino amapsera mtima nkhani ya gulu loimba. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu, monga David Rubin ndi anzake m'zaka za m'ma 1980, anaona kuti munthu wachikulire akafunsidwa za moyo wake amakumbukira kwambiri zimene zinachitika ali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 30. Mu 2018 Seth Stephens-Davidowitz anasanthula zimene anthu amamvera pa Spotify n'kulemba mu nyuzipepala ya New York Times kuti nyimbo zimene amuna amazikonda moyo wawo wonse nthawi zambiri ndi zimene zinatuluka ali ndi zaka pafupifupi 14, ndipo akazi ali ndi zaka pafupifupi 13. Petr Janata, wa pa yunivesite ya California ku Davis, anasonyeza mu 2009 kuti nyimbo yodziwika imadzutsa chigawo cha ubongo chimene chili kuseri kwa chipumi, chomwenso chimagwira ntchito munthu akamakumbukira mbiri ya moyo wake.

Tanthauzo lake n'losavuta. Pa msinkhu umenewo zinthu zambiri zimachitika koyamba: chikondi choyamba, kukanidwa koyamba, kugona kutali ndi kwanu koyamba, kuzindikira koyamba kuti makolo nawonso amalakwa. Nyimbo imene inalipo nthawi imeneyo imamatirira ku zonsezi. Ndiye munthu akamateteza gulu lake, kawirikawiri amakhala akuteteza mwana amene iye anali. Mfundo imeneyi mbali zonse ziwiri zimaivomereza. Zimasiyana pa zoyenera kuchita nayo.

Mbali yoyamba: dzina likanagona ndi mwini mawu

Otsutsa kubwerera kwa gululi amayamba ndi mawu a munthu. Gitala ukhoza kumupatsa wina, ng'oma wina akhoza kuziphunzira, koma mawu amachokera m'thupi la munthu mmodzi ndipo amapita naye. Nyimbo ngati "Crawling", imene inapata mphoto ya Grammy mu 2002, inali kuulula kwa Chester za nkhondo yake ndi zizolowezi zomwe zinkamumanga. Wina akaiimba, ngakhale ataiimba bwino chotani, ndiye kuti akubwereza kuulula kwa mnzake. Mwana amene nyimbo imeneyo inamugwira dzanja usiku wina atatsala pang'ono kutaya mtima sanagwiridwe ndi dzina la gulu ayi, anagwiridwa ndi munthu. N'chifukwa chake amati kumva nyimbozo m'kamwa mwa wina kumawawa kuposa kusazimva n'komwe.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yakuti njira ina inalipo, ndipo magulu akuluakulu anaidutsapo. John Bonham, woimba ng'oma wa Led Zeppelin, atamwalira mu 1980, anzake analengeza kuti sangapitirize popanda iye, gulu n'kuthera pomwepo. Chaka chomwecho Ian Curtis wa Joy Division atadzipha, otsalawo anapitiriza kuimba koma anasintha dzina n'kukhala New Order. Kurt Cobain atamwalira mu 1994, dzina la Nirvana linaikidwa pansi, ndipo Dave Grohl anakayambitsa Foo Fighters, gulu limene linadzipangira lokha mbiri. Palibe amene anawaletsa anthuwa kudya thukuta lawo. Anangozindikira kuti dzina lakale linali ndi mwini wake. Ngakhale a Queen, akamaimba ndi Adam Lambert, amalemba mayina onse awiri pa chikwangwani kuti wogula tikiti adziwe kuti Freddie Mercury sanalowedwe m'malo. Otsutsawo amafunsa kuti, nanga Shinoda ndi anzake chinawavuta n'chiyani kuchita chimodzimodzi?

Yankho lawo ndi mfundo yachitatu: ndalama. Dzina lodziwika limadzaza bwalo la mpira, dzina latsopano limayambira m'kaholo kakang'ono. Makampani a zoimbaimba anazindikira kalekale kuti mwana amene analibe ndalama ya kaseti mu 2003 lero ali pa ntchito, ndipo akhoza kulipira zambiri kuti amvenso kukoma kwa masiku aja kwa maola awiri. Chitsanzo chinaoneka masiku ochepa Linkin Park isanabwerere. Gulu la Oasis la ku Britain, limene linapasuka mu 2009, litalengeza kuti likumananso, matikiti ena amene anayamba pa mapaundi pafupifupi 150 anakwera kupitirira 350 anthu ali pamzere wa pa intaneti, mpaka bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda linayamba kufufuza. Otsutsa amati umu ndi mmene zikumbukiro zathu zimasandukira katundu wa pamsika.

Pomaliza amatchula za ulemu. Mayi ake a Chester, Susan Eubanks, anauza magazini ya Rolling Stone kuti sanadziwitsidwe za kubwereraku ndipo anamva ngati aperekedwa. Mwana wina wa Chester, Jaime, anadzudzula gululi poyera. Panabukanso nkhani yakuti Emily Armstrong anapitapo kukhoti kukalimbikitsa mnzake Danny Masterson, katswiri wa mafilimu amene mu 2023 anapezeka wolakwa pa milandu yogwiririra akazi. Emily analengeza kuti analakwitsa kumukhulupirira ndipo sanalankhulenso naye, koma kwa anthu amene ankadziwa zimene Chester anakumana nazo ali mwana, chilondacho chinali chitatsegulidwa kale. Wolira samugwira pakamwa, amatero otsutsawo, ndipo amene akuti tisiye kudandaula sakudziwa chimene tinataya.

Mbali yachiwiri: amoyo asaikidwe m'manda limodzi ndi wakufa

Ovomereza amayamba ndi mbiri imene otsutsa amailumpha. Gululi silinayambe ndi Chester. Linayamba mu 1996 ku Agoura Hills, pakati pa anyamata amene ankadziwana kusukulu, likutchedwa Xero, ndipo woimba wake woyamba anali Mark Wakefield. Chester anabwera mu 1999 kuchokera ku Arizona. Nyimbo zambiri zimene anthu amaziona ngati mtima wa Chester analemba mothandizana ndi Shinoda, amenenso ankatsogolera ntchito ya mu situdiyo. Ndiye tikamati dzina ligone, tikuuza anthu amene analimanga kuyambira ali anyamata kuti ntchito ya moyo wawo wonse yathera pa chosankha chimene sanachite iwo. Tsiku limene ife tinataya woimba, iwo anataya mnzawo amene anakhala naye zaka 18 pamodzi ndi ntchito. Shinoda anatulutsa chimbale chakechake mu 2018, Post Traumatic, chofotokoza chisoni chimenecho. Zaka 7 zakulira si zochepa. Kodi tinkafuna alire mpaka liti kuti tikhutire?

Kachiwiri, amati Chester mwiniwake anachitapo zomwezi. Gulu limene iye analikonda kwambiri ali mnyamata linali Stone Temple Pilots. Mu 2013 gululo litachotsa woimba wake, Scott Weiland, amene anaitanidwa kudzaima pamalopo anali Chester, ndipo anavomera mosangalala n'kuimba nawo mpaka 2015. Anaimba nyimbo za munthu wina pamaso pa anthu amene anakula ndi mawu a munthu winayo. Ngati kuchita zimenezi n'kusalemekeza, ndiye kuti amene tikumutetezayo ndi woyamba kupalamula.

Kachitatu, pali magulu amene anapitiriza ndipo dziko linapindula. Bon Scott wa AC/DC anamwalira mu Febuluwale 1980. Miyezi yowerengeka chabe gululo linatulutsa Back in Black ndi woimba watsopano, Brian Johnson, ndipo chimbalecho chili m'gulu la zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri yonse ya nyimbo. Ku Zambia, gulu la WITCH, limene linagwedeza Kitwe ndi Lusaka m'zaka za m'ma 1970 ndi chamba cha Zamrock, linatha, ndipo pambuyo pake anthu ake ambiri anamwalira. Emmanuel "Jagari" Chanda anakhala zaka zambiri akuphunzitsa ndi kukumba miyala ya mtengo wapatali. Atadzutsanso dzinalo pamodzi ndi Patrick Mwondela ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, anatulutsa chimbale cha Zango mu 2023, ndipo nyimbo zimene zikanangotsala m'makabati a osunga mbale zakale zikuimbidwanso pamaso pa anthu. Ifenso tili ndi umboni wathu, ngakhale ndi wa reggae. Evison Matafale atamwalira mu Novembala 2001, gulu lake la Black Missionaries, kapena kuti Mabulakisi, silinapasuke. Musamude Fumulani anatsogolera mpaka naye anatisiya mu 2007, Anjiru n'kunyamula. Zimbale za Kuimba zinapitirira kutuluka, ndipo chaka ndi chaka anthu amakhamukira ku Chileka kukakumbukira Matafale. Mabulakisi akanati dzina ligone, kodi mwana wobadwa mu 2005 akanamudziwa bwanji Matafale?

Apa ovomereza amati nkhaniyi ikufanana ndi ufumu wa kumudzi. Mfumu ikagona, mudzi suthetsedwa. Amalira, amadikira, kenako amalonga wina amene amalowa dzina lomwelo. Aliyense amadziwa kuti wolowayo si malemu uja, ndipo palibe amene amamuyembekezera kuyenda kapena kuseka ngati iye. Chimene amafuna n'chakuti bwalo lisamere udzu. Otsutsa amayankha kuti ufumu ndi udindo pamene kuimba ndi mphatso ya munthu payekha, koma ovomereza amati nyimbo ikangotuluka imakhalanso udindo, chifukwa pali anthu amene akufuna kusonkhana n'kuiimba pamodzi, ndipo payenera kukhala wina woyambitsa.

Amawonjezera kuti gululi silinayese kunamiza anthu. Likanatha kufuna mwamuna wa mawu ofanana ndi a Chester, poti otsanzira oterowo ali mbwee pa YouTube. Likanatha kugwiritsa ntchito makina oonetsa chithunzi cha malemu chikuyenda pa nsanja ngati wamoyo, koma Shinoda anakana zimenezo poyera. M'malo mwake linasankha mkazi, munthu amene palibe angamusokoneze ndi Chester, ndipo linabwera ndi nyimbo zatsopano. Chimbale cha From Zero chinatuluka mu Novembala 2024 n'kufika pa nambala 1 ku Britain ndi ku Germany, ndi pa nambala 2 ku America. Pa 31 Meyi 2025, okonda mpira amene anatsegula kanema msanga kudikira fainolo ya Champions League pakati pa PSG ndi Inter Milan ku Munich anaona gululi likuimba bwalo lisanaperekedwe kwa osewera. Ana ambiri analimva koyamba tsiku limenelo.

Mfundo yawo yomaliza ndi yachidule: palibe chimene chafufutidwa. Hybrid Theory ikadalipo monga inalili, mawu a Chester ali momwemo, ndipo aliyense akhoza kuimvera usiku uno. Emily sanalowe m'nyumba ya munthu kukaphwanya kaseti.

Tikaziika pa sikelo

Mbali iliyonse ili ndi pamene yaponda mwala ndi pamene yaponda matope. Otsutsa akunena zoona kuti mawu a munthu salowedwa m'malo, ndiponso kuti msika umadziwa kukama anthu osowa masiku awo akale. Pa nkhani ya banja akunenanso zomveka. Kaya lamulo likuti dzina ndi la ndani, mayi wobereka sayenera kumva nkhani yotere pamodzi ndi anthu a kunja. Koma zitsanzo zawo za Led Zeppelin ndi Nirvana zikungosonyeza kuti oimba ena anasankha kuleka. Sizikusonyeza kuti onse ayenera kutero. Amene anasankha anali eni gulu, osati omvera.

Ovomereza nawo asathamangire kuwerenga manambala. Kudzaza bwalo si umboni wakuti chinthu n'cholungama, ndipo kuuza munthu amene akumva kuwawa kuti chimbale chakale chikadalipo n'kusamvetsa chimene akulira. Iye sakulira chimbale. Akulira kuti kale ankadziwa kuti kwinakwake padziko pano pali munthu wamoyo amene akumva zimene iye akumva, ndipo munthuyo anagonja pa nkhondo yomwe ankalimbikitsa ena kuti asagonje. Chisoni chimenecho n'chenicheni, ndipo sichithetsedwa ndi mfundo.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chimandikankhira ku mbali yachiwiri, ndipo ndi chimene okonda gululi sakonda kuchikumbukira. Mkangano wakuti iyi si Linkin Park yathu sunayambe mu 2024. Unayamba Chester ali moyo. Mu 2007 gululi litatulutsa Minutes to Midnight, anthu anadandaula kuti rap yachepa. Mu 2010, pa A Thousand Suns, anati magitala apita kuti. Mu Meyi 2017 linatulutsa One More Light, chimbale chofatsa chokhala ngati cha pop, ndipo ambiri analinyoza kuti ladzigulitsa. Chester anapsa mtima n'kuuza anthu kudzera mwa atolankhani kuti asiye kukakamira Hybrid Theory. Mu Juni chaka chomwecho, pa chikondwerero cha Hellfest ku France, anthu ena anamukuwiza ali pa nsanja ndipo wina anamuponyera chigubu. Patangotha mwezi umodzi anamwalira. Sindikunena kuti kunyozako ndiko kunamupha, chifukwa matenda a maganizo ali ndi mizu yakuya kuposa pamenepo. Ndikunena kuti gulu limene anthu ena akuliteteza lero linali litasiya kale kukhalapo Chester yemweyo asanapite. Iye anafika zaka 41, anali bambo wa ana, ankafuna kuimba za zinthu zina. Omvera ambiri ankafuna akhalebe mnyamata wolusa wa mu 2000, chifukwa mnyamata ameneyo ndi amene ankasunga unyamata wawo.

Apa ndi pamene chikondi cha nyimbo za unyamata chimasanduka goli, kwa woimba ndi kwa womvera yemwe. Zimene kafukufuku uja anapeza zili ndi mbali yake yowawa. Ngati nyimbo za zaka 14 zimatikoma chifukwa tinali ndi zaka 14, ndiye kuti sitingadalire makutu athu tikamaweruza kuti zakale zinali bwino kuposa zatsopano. Bambo amene amauza mwana wake kuti nyimbo za masiku ano ndi phokoso lokhalokha waiwala kuti bambo akenso ananena zomwezo atamva Chester akukuwa m'chipinda. Chimene tikuchisowa si gulu loimba. Tikusowa anzathu a m'hositelo amene ena anamwalira ndipo ena ali ku Joni, tikusowa thupi losatopa, tikusowa nthawi imene zonse zinali zisanasankhidwe. Zimenezo palibe woimba angatibwezere, kaya akhale Emily, kaya Chester akanakhala ndi moyo.

Ndiye chigamulo changa n'chotere. Oimba otsala ali ndi ufulu wopitiriza, ndipo dzina ndi lawo chifukwa analigwirira ntchito. Ngongole imene ali nayo kwa malemu ndi kwa omvera ndi ya chilungamo: asanamizire kuti palibe chasintha, asasandutse imfa ya mnzawo chokopera makasitomala, alemekeze banja lake, ndipo abweretse zatsopano m'malo mongodya zakale. Pa zambiri mwa zimenezi Linkin Park yayesetsa, ndipo pa nkhani ya banja inapunthwa. Womvera naye ali ndi ufulu wake wonse. Akhoza kukana kugula tikiti, akhoza kuima pa One More Light kapena pa Meteora n'kunena kuti ulendo wanga unathera apa, ndipo palibe amene ayenera kumunena kuti ndi wotsalira. Chimene alibe ndi ufulu wotseka chitseko kuti ena asalowe, kapena wotukwana mkazi amene wavomera ntchito yovuta kuposa ina iliyonse m'chamba chimenechi.

Pajatu pali mtsikana wina wobadwa mu 2010 amene anamva "The Emptiness Machine" ali ndi zaka 14, pa foni ya mchimwene wake, sabata imene zinthu sizinkamuyendera bwino kusukulu. Kwa iye Linkin Park ndi ya mawu a mkazi, ndipo Chester ndi mbiri imene anaipeza pambuyo pake. Palibe chifukwa choganizira kuti zimene nyimboyo ikumanga mwa iye n'zopepuka kuposa zimene "Numb" inamanga mwa akulu ake. Mu 2050 adzakhala ndi zaka 40, ndipo wina akadzayerekeza kuima pamalo a Emily, iyeyo ndi amene adzakhale woyamba kukalipa kuti gulu lake alionongeratu.